Chifuwa cha a Oswald

Chaka cha korona, alendo atasiya kubwera pa Likoma, boti la a Oswald a ku Khuyu linakhala miyezi inayi pamchenga, pamene ngongole imene anatenga ku banki m'khonde pokonzetsa injini inkangobereka. M'mawa wina, atamva kuti msungichuma wa gululo, mayi Grace, akuwasakasaka, anatuma mlamu wawo Armando, msodzi wa ku Kobwe, tsidya lina la nyanja, amene malire anamutsekera kuno, kuti akawauze mayiwo asayerekeze kufika pakhomo chifukwa a Oswald ali ndi chifuwa.

Armando anabwerako masana. Anaima pansi pa mtengo wa mango, masiki ili kukamwa, manja kumbuyo.

"Wawapeza?" anafunsa a Oswald, atasuzumira pawindo.

"Ndawapeza, alamu. Ku Chipyela, pageti la msika."

"Tabwera pafupi, ufuna mudzi wonse umve?"

"Sindingathe."

"Wathyoka mwendo?"

"Ayi. Andiuza kuti ndiziima apa."

"Ndani?"

"A Mclean, a zaumoyo aja. Anali pompo, akusambitsa anthu m'manja."

A Oswald anatsegula windo lonse. "A Mclean alowamo bwanji m'nkhani yanga? Ine ndinakutuma kwa mayi Grace."

"Ndinauza mayi Grace. Koma a Mclean ali ndi makutu."

"Unanena kuti chiyani? Tabwereza, mawu ake omwewo."

Armando anaongoka ngati ali pa guwa. "Ndinati, a Oswald akuti musayerekeze kufika pakhomo, ali ndi chifuwa."

"Ehe. Basi. Ukanatembenuka n'kumabwerako."

"Ndinatembenuka. Koma a Mclean anandiitana, natulutsa buku ndi bolopeni. Anati, chifuwacho n'chotani?"

"Iwe n'kuti?"

"Ndinati n'chachikulu ndithu. Chotambalala."

"Chotambalala?"

"Nanga si munakulira kupalasa bwato? Malaya anu ine amandikhuthukira."

A Oswald anagwira mutu. "Iwe, chifuwa chotsokomola! Osati ichi!" Anadziguguda pamtima.

"Epa! Simunanene za kutsokomola. Munati chifuwa. Inenso ndinadabwa m'njira kuti nanga mayi Grace aope chifuwa bwanji, poti nawonso ali nacho chawo."

"Chabwino, chabwino. Ndiye anakuseka, nkhani n'kuthera pomwepo."

"Sanaseke. Analemba. Kenako anati, chinayamba liti? Ndinati ine chiwadziwireni ali nacho."

"Mayo ine."

"Anati, thupi likutentha? Ndinati sindinawakhudze, koma akangomva dzina la mayi Grace amatuluka thukuta, ngakhale kukuomba mwera chonchi."

"Unanena zimenezo? Mayi Grace ali pompo?"

"Anali pompo. Anangoyang'ana kumwamba."

"Armando!"

"Ndanama? M'mawa muja simunapukute nkhope ndi katani?"

A Oswald anatseka windo, nalitsegulanso. "Pitiriza."

"Anati, akupuma bwino? Ndinati ayi, sapuma bwino. Akati agone pamkeka, adzuka. Akati akhale pampando, aimirira, asuzumira kunjira. Munthu sakupuma n'komwe."

"Ankafunsa za mpweya, chitsiru iwe! Mpweya wa m'mphuno!"

"Sanatchule mphuno. Mphuno anaitchula pambuyo pake. Anati, fungo akumva? Ndinati dzana usipa unapserera pamoto iwo ali chikhalire pafupi, sanamve kanthu mpaka galu wa a neba anayamba kuyetsemula."

"Ndinali m'maganizo!"

"Za maganizo sanafunse. Anati, nanga chakudya akuchimva kukoma? Ndinati tsiku lililonse amadandaula kuti ndiwo za masiku ano sizikukoma."

"Chifukwa mulibe mafuta! Mulibe tomato! Chigwada cha mchere wokhawokha chingakome?"

"Ndi zomwezo. A Mclean anachonga mabokosi onse asanu, navala masiki ina pamwamba pa inzake."

A Oswald anatuluka pakhonde, ali opanda nsapato. Armando anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, akuwerenga chapansipansi.

"Ukundithawa? Iwe amene ukudziwa kuti sindikudwala?"

"Ndinalonjeza, alamu. Anati mamita awiri. Ndawonjezera imodzi chifukwa mukukuwa."

"Anthu amva angati?"

"Ochepa. A mumsika okha."

"A mumsika okha!"

"Ndi amene ankadikira sitima. Ndi mmisiri wa matabwa uja wa kuseri kwa sitolo. Iyeyo anandikokera pambali, anati, alamu akowo ndi atali bwanji?"

"Sunamuyankhe."

"Munthu wamkulu akufunsa, ndikhale chete? Ndinati akagona pamkeka zidendene zimatulukira kunja. Anati amvetsa, ali ndi matabwa ouma."

A Oswald anakhala pansi pakhonde, phi!

"Bwerera," anatero. "Bwerera pompano. Ukanene kuti ndachira."

"Mwachira chiyani?"

"Chifuwa!"

"Ndiye ndikati mulibenso chifuwa? Nanga mikono yagwirira pati?"

"Usatchule chifuwa! Ukangoti a Oswald ali bwino."

"Ndiye mayi Grace abwere?"

"Ayi! Asabwere!"

"Ndiye muli bwino kwa a Mclean, koma mukudwala kwa mayi Grace?"

"Ehe! Tsopano wamva."

"Nanga akakhala aima pamodzi ngati muja, ndiyambe ndi uti?"

A Oswald anatola chisononkho cha chimanga, nachiponya. Chinagwera pakati, pa mita yachiwiri.

Armando anachiyang'ana, kenako anatsitsa mawu. "Alamu, bwanji osangowauza mayi Grace kuti ndalama palibe? Aliyense pachilumba pano akudziwa kuti azungu sakubwera. Malo ogona alendo atseka. Si inu nokha."

"Ine? Ndikaime pamaso pa azimayi makumi awiri, chipewa m'manja, n'kumati ndalephera? Zaka makumi atatu ndili panyanja, sindinapemphepo munthu ngakhale machesi."

"Machesi munapempha dzulo kwa a neba."

"Ndinabwereka!"

"Munabweza?"

"Tamvera iwe." A Oswald analoza kugombe, kumene boti linagona chammbali, injini itakulungidwa ndi lona. "Injini ija ndinaiika chikole. Ndikalephera mwezi uno, aitenga. Akaitenga, ine ndine ndani? Ana awiri a ku sekondale aja ali kwa abale ku Nkhata Bay, sukulu zikadzatsegula adzapita ndi chiyani? Mchemwali wako Elena akusoka mamasiki mpaka zala kutupa, kuti tipeze ufa wa kondowole. Ndimuuze kuti injini nayonso ili pakamwa pa ng'ona? Sakudziwa, ndipo sadzadziwa."

Armando anakanda khutu.

"Bwanji ukukanda khutu?"

"Achemwali akudziwa."

"Wawauza ndani?"

"Benchi lawo la mamasiki si lili pafupi ndi geti? Atamva dzina lanu anabwera. Anafunsa mayi Grace kuti, mumawafuniranji amuna anga? Mayi Grace anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana achemwali. Achemwali anati, Armando, lankhula. Ndiye ndinalankhula."

"Zonse?"

"Zimene ndimadziwa zokha. Za chikole, ndi za wailesi imene munati ili kokonzetsa."

"Anati chiyani?"

"Sananene kanthu. Anangopinda mamasiki, imodzi imodzi, bwinobwino."

"Bwinobwino," anabwereza a Oswald ndi mawu a munthu woti waona mtambo wakuda ali pakati pa nyanja. "Ali kuti tsopano?"

"Akubwera. A Mclean anati poti amagona nyumba imodzi ndi inu, atseke benchi. Nonse awiri mukhale m'nyumba, osatuluka, masiku khumi ndi anayi."

"Ine ndi Elena? M'nyumba muno? Masiku khumi ndi anayi, atamva zimenezo?"

"Achemwali anapempha kuti akhale makumi awiri, koma a Mclean anati lamulo silikutero."

A Oswald anaimirira, nayamba kuyendayenda pakhonde, kuchokera pamtondo kukafika pa ndowa ya madzi. Mwadzidzidzi anaima.

"Nanga iwe? Iwe sukhala pano? Bwanji iweyo sanakutsekere?"

"Anandifunsa ngati ndimayandikana nanu. Ndinati ayi. Chitsekereni malire ndimagona m'boti kulondera injini, ndipo chakudya changa amandiikira pamwala uwo. Anati ndine munthu wosamalitsa kwambiri pachilumba chonse."

"M'nyumba muno ndi mopanikiza, ukudziwa."

"Sindikudandaula, alamu. M'boti mulibe nsikidzi."

"Ndiye mayi Grace akuti injini adzaitenga liti? Nena, ndife msanga."

"Injini? Sakuifuna."

"Sakuifuna bwanji?"

"Anati gulu linakumana Lachiwiri, atakhala motalikirana ngati anthu oyambana. Anagwirizana kuti chiwongoladzanja chiime kwa aliyense mpaka zinthu zidzabwerere m'chimake."

A Oswald anakhala pamtondo.

"Ndiye palinso za bungwe lija," anapitiriza Armando.

"Bungwe liti?"

"Limene labweretsa ndowa zamipopi ndi sopo pa sitima ya sabata yatha. Likufuna boti la injini lozinyamula kupita nazo ku Chizumulu, katatu pa sabata, miyezi iwiri. Mafuta ndi awo. Gulu linapereka dzina lanu, kuti mupezeko pobwezera ngongole. Mayi Grace anati akhala akukusakani masiku asanu kuti akuuzeni. Anati Loweruka anakuonani mukulowa m'munda wa chinangwa chokwawa."

"Ndinkafuna mbuzi!"

"Tilibe mbuzi, alamu."

"Iwe Armando! Nkhani yaikulu chonchi, ukuyamba ndi za matabwa? Bwanji sunanene pofika pomwe?"

"Munati ndibwereze mawu ake omwewo. Ndimatsata ndondomeko."

"Ntchitoyo ikuyamba liti?"

"Mawa, dzuwa likangotuluka."

A Oswald analumphira m'nyumba. Kunamveka sutikesi ikukwekwereza pansi, kenako anatuluka atavala nsapato imodzi, ina ili m'manja, jekete la kutchalitchi litalowa mkono umodzi. Atangotsika pakhonde, Armando anatola nkhafi imene inatsamira pamtengo, naigwira chopingasa panjira.

"Chotsa nkhafiyo."

"Sindingathe. A Mclean anati, wodwala asadutse mtengo wa mango. Ndinati sadutsa."

"Sindine wodwala!"

"Anatinso odwala ambiri amatero."

"Alamu," a Oswald anafewetsa mawu, namwetulira ndi mano onse. "Alamu anga abwino. Ndinu m'bale wanga inu. Lero mugona m'nyumba, pa matiresi."

"M'nyumba mwa wodwala? Epa, ayi. Komanso ndiyenera kugona m'boti, mawa ndilawirira."

"Ulawirira kuti?"

"Ku Chizumulu. Mayi Grace anafunsa ngati pali wina wodziwa injini ija. Ndinati ine ndimagona nayo. Ndiye analemba dzina langa. Malipiro, theka lizipita ku gulu, theka kwa achemwali."

"Nanga mwini boti?"

"Anati mwini boti azimwa madzi a mandimu."

A Oswald anaponya nsapato pansi. Kumtunda kwa njira yochokera ku Chipyela kunaoneka mzimayi atasenza makina osokera, akuyenda mosafulumira. Onse awiri anamuyang'ana. Anali Elena.

"Thamanga," ananong'ona a Oswald. "Dzera kugombe, asakuone. Ukawapeze mayi Grace ndi a Mclean. Ukanene kuti ndinanama. Wamva? Ine Oswald, ndinanama. Ndinapeka ndekha chifukwa cha manyazi, ndalama ndilibe, ndipo ndikupepesa. Ukanene pamaso pa msika wonse ngati ufuna. Ndavomera."

Armando sanasunthe.

"Ukudikira chiyani? Pita!"

"Ndinanena kale, alamu."

"Unanena kale chiyani?"

"Kuti ndi bodza. Pomaliza penipeni mayi Grace anandifunsa kuti, Armando, kunena zoona, munthuyu akudwaladi? Ndinati ayi, anapeka m'mawa uno pakhonde akumwa tiyi wopanda shuga."

"Ndiye? A Mclean anati chiyani?"

"Anati alemba kale ndi bolopeni, sizifufutika."

"Nanga mayi Grace?"

Armando anatsamiritsa nkhafi pamtengo, nakonza masiki yake, napatukira pambali kuti achemwali ake adutse.

"Anaseka mpaka kugwira geti. Anati ndikuuzeni kuti bodza limeneli masiku ake ndi khumi ndi anayi. Munaliyamba nokha, mulimalize."