Magazi a mlongo wanga amene ndinamuthamangitsa

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndine mayi wogulitsa zinanazi pamsika wa Chonde, ndipo ndadwala khansa ya m'magazi. Lero ndili moyo, koma ndikaganiza mmene ndapulumukira thupi limachitabe tsembwe.

Ndiyambe ndi tchimo langa, chifukwa popanda limenelo umboniwu sungamveke. Mlongo wanga wamng'ono, Fanuel, ankagwira ntchito yonyamula magazi okayezetsa pa njinga yamoto, kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono kupita nawo ku chipatala chachikulu. Chaka chija mphekesera za anamapopa zitagwedeza Mulanje yense, ine ndinasuzumira m'bokosi lake n'kuona timabotolo tofiira tili ndandanda. Sindinamufunse n'komwe. Pakamwa panga mpothamanga, amene amandidziwa avomereza. Ndinauza amayi awiri pamjigo kuti iye ndi namapopa, ndipo dzuwa lisanapendeke anthu anali atatentha njinga ija ndi kumumenya mpaka khutu lakumanzere linagontha. Anathawira ku Limbe, ndipo ngakhale pamaliro a amalume athu sanabwere.

Patapita zaka ndinayamba kufooka. Dengu limene ndinkasenza uku ndikucheza linayamba kundikanika, nkhama zinkatuluka magazi, m'miyendo muli mikwingwirima popanda wondimenya. Atanditumiza ku Blantyre anandiboola fupa la m'chiuno, ndipo zotsatira zitabwera dokotala wina wachitsikana anandikhazika pansi.

Anati thupi linamangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa mafupa muli maselo ena amene ali ngati mbewu, ndiwo amabala magazi. Anga anali atasokonekera, aiwala ntchito yawo, akungoswana osakhwima. Ine ndi kamwa langali ndinafunsa ngati sangawakumbutse ntchitoyo. Sanandiseke. Anati akatswiri akufufuza zomwezo, moti anakwanitsa kale kutenga selo la pakhungu la munthu wamkulu n'kulibweza kuti likhale ngati la mwana amene akuumbidwa kumene, koma pa matenda angawa njira imeneyo sinafike. Ndinangoti kukamwa yasa! Njira imene inalipo inali yakupha mbewu yanga yonse ndi mankhwala, n'kudzala ya munthu wina, makamaka wa mayi mmodzi ndi bambo mmodzi.

"Mayi, muli ndi abale angati a bere limodzi?" anandifunsa.

Ndinali ndi mmodzi yekha.

Abale anga, ndinabwerera kunyumba n'kuyamba kugawira ana anga aakazi zitenje. Kupempha machiritso ndinkachita manyazi. Pemphero langa linali loti Ambuye, ngati ichi ndi chilango changa ndachilandira, mungondisamalira anawa. Bambo a kunyumba anapita ku Limbe osandiuza, ndipo atabwerako anati Fanuel anawamvetsera mpaka kumapeto, kenaka analowa m'nyumba. Sindinamudandaule, ndikanakhala ine ndikanachita zoposa pamenepo.

Tsiku lokaonananso ndi dokotala ndinapeza munthu atakhala pabenchi, kathonje kali pamkono. Anali Fanuel, atapereka kale magazi oti awayeze. Dokotala anali atandichenjeza kuti nthawi zambiri ngakhale abale safanana, koma athu anafanana. Dzina langa linalowa pagulu la odwala otumizidwa ku India, ndipo tinakwera ndege limodzi, mipando yoyandikana. Ulendo wonsewo sitinalankhulane.

Kumeneko anamubaya jakisoni masiku angapo kuti mbewu ija ituluke m'mafupa ilowe m'magazi. Kenaka anamugoneka pafupi ndi makina. Nditaloledwa kukamuona ndinaima pakhomo ngati chitsa. Magazi a mlongo wanga anali kutuluka pamkono umodzi, kudutsa m'kapaipi, kuzungulira m'makina, n'kubwerera pamkono winawo, uku kathumba kolandirira mbewu ija kakudzaza pang'onopang'ono. Mayo ine! Chimene ndinamunamizira kuti amachitira anthu, ndi chimene ankachitidwa iye masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo wolandira ndinali ine.

Ndinagwada pambali pa bedi, misozi ili chuchuchu. Ndinati, "Fanuel, ndinakunamizira. Ndine ndinauza anthu aja."

Anatembenuza mutu. "Achemwali, bwerani mbali iyi. Uko sindimva."

Ndinadzuka, ndinazungulira bedi, ndinagwadanso, ndipo ndinabwereza mawu onse aja mokweza, anamwino akundiyang'ana. Maso ali kudenga, anangoti wamva.

Zotsatira zake sindingazikometse. Mankhwala opha mbewu yanga anandithothola tsitsi lonse, m'kamwa munali zilonda zokhazokha, ndipo ndinakhala milungu m'chipinda chotseka chimene aliyense ankalowa atavala chophimba pakamwa. Kathumba kaja anandilowetsa ngati diripi wamba, moti ndinakayikira kuti kanthu kochepa chonchi kangapulumutse munthu. Koma mbewu inamera.

Chimene chinandimaliza chinachitika patapita miyezi, nditabwerera kuno. Dokotala wa ku Blantyre uja anayang'ana pepala n'kumwetulira. Anati khansa sikuonekanso, komanso gulu la magazi anga lasintha, silinso limene ndinabadwa nalo. Anati munthu wosandidziwa atayeza magazi angawa anganene kuti ndi a mwamuna, chifukwa onse akuchokera ku mbewu ya Fanuel. Ndinayang'ana mitsempha ya padzanja langa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero limene ndinalibe nkhope yolipemphera. Ndikuthokoza madokotala, bambo a kunyumba, ndi amayi a kumpingo amene anandisamalira ana. Inu amene mukudwala, musataye mtima, pitani kuchipatala msanga ndipo musaope akamakutengani magazi.

Fanuel kumudzi sanabwerebe, ndipo khutu lake silidzamvanso. Ine ndinachira, iye ayi. Ngati pali munthu amene munamulakwira, nyamukani miyendo ikadali yolimba mukamuuze. Musakhale ngati ine, amene ndinakapepesa nditafuna magazi ake.