Makompyuta Othawa pa Nkhomaliro

Anandiuza nkhaniyi ndi wometa tsitsi wina wa pafupi ndi depoti, lumo lili pakhosi panga, ndiye sindinatsutse. Akuti kampani ina inkasunga ziwerengero za malonda ake pa makompyuta obwereka a pa intaneti, aja amadziwonjezera okha ntchito ikachuluka n'kudzichotsa ikachepa. Woyang'anira makinawo anali mlamu wa abwana, munthu womva mawu monga anenedwera.

Masana ena, pa nthawi ya nkhomaliro, abwana anasuzumira pa sikirini n'kuona makompyuta awiri okha.

"Alamu, m'mawa analipo khumi. Enawo ali kuti?"

"Apita, alamu."

"Apita kuti?"

"Kwa eni ake. Analibe chochita."

Abwana anati chinthu chopanda miyendo sichipita chokha, chimanyamulidwa, ndipo makompyutawo akapanda kupezeka pofika madzulo, alamuwo akafotokoze okha kwa mlongo wawo chifukwa chimene ntchito yathera.

"Tsekani chitseko."

Mlamu anatseka, kiyi n'kuika m'thumba.

Abwana anaitana onse amene anali atabwerako kale kokadya, n'kulamula kuti aliyense atsegule malipoti onse, afufuze wakubayo. Ntchito itachuluka chonchi, pa sikirini panaoneka anayi, kenako asanu ndi atatu, kenako khumi aja.

"Mwaona? Mbala yachita mantha, yabweza."

"Sinabweze, alamu. Abwera chifukwa tikuwafunafuna."

"Ndiye tasiyani kufunafuna, apezeka."

Anthu anasiya. Makompyuta anayamba kutha limodzilimodzi abwana akuyang'ana, chitseko chili chitsekere. Abwanawo anagwada kusuzumira pansi pa tebulo, anapisa m'chikwama cha mayi wa tiyi, mpaka anagwedeza jekete la mlamu wawo.

"Akuwatulutsa ndani?"

"Lamulo lanu. Munanena pa msonkhano kuti pano wokhala osagwira ntchito achoke, asayembekezere kuuzidwa. Ndinalilemba m'makinamo."

"Ndinkanena anthu, alamu, anthu!"

Mlamu anaganiza kaye. Kenako anatulutsa kiyi, anatsegula chitseko bwinobwino, n'kuwapatsa abwana chipewa chawo.

"Pepanitu, ndinkayesa ndi makina okha. Ndiye yambani inuyo, alamu. Chibwerere muno mwangoima kumbuyo kwangaku."

Wometayo analumbira kuti abwana anatulukadi. Ine pamenepo ndikukayika. Ndayenda malo ambiri, ndipo makina odzichotsa okha ndikhoza kukhulupirira, koma bwana wochoka pa lamulo lake lomwe sindinamuonepo.