Nsapato Imodzi Pamzere

Ine ndimafufuza chifukwa chimene odwala shuga amadumphira mankhwala, ndipo yankho ndinali nalo kale m'mutu: amaiwala basi. Kiliniki yawo imachitika kamodzi pamwezi, ndipo windo la mankhwala likatsekedwa masana, latsekedwa. Tsiku limenelo ndinakoka pamzere bambo wina, telala amene odwala anzake anamusankha kuti aziwayankhulira, n'kumulowetsa m'kachipinda kosungiramo mipando yothyoka. Analowa atavala nsapato imodzi.

"Khalani apa, bambo," ndinatero ndikuyatsa foni kuti ijambule. "Lero ndi tsiku loti mawu anu amveke. Muziyankha zimene ndafunsa zokha kuti tisasochere."

"Zokhazo?"

"Zokhazo."

"Chabwino, mayi."

Ndinayang'ana phazi lopanda nsapatolo, chisoni n'kundigwira. Za zilonda za shuga ndinaziwerenga kwambiri.

"Phazilo layamba liti?"

"Ndinabadwa nalo."

"Ndikunena vutolo."

"Lilibe vuto. Limapalasa makina tsiku lonse." Anagwedeza zala zonse kuti ndidzionere ndekha.

"Musachite manyazi. Nanga nsapato inayo ili kuti?"

"Ili pamzere."

"Mwaiiwala pamzere. Mwaonatu, kuiwala komwe ndikunenaku."

"Sindinaiiwale. Ikundiimira."

"Ikukuimirani bwanji?"

"Ukachoka pamzere umasiyapo chinthu. Ena amasiya mwala, koma miyala imafanana, anthu amakangana. Mzere ukasuntha, amene ali kumbuyo kwanga akumaikankha ndi phazi."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu wozindikira. "Zosangalatsa, koma si za kafukufuku wathu. Tikamakutumizirani uthenga pafoni wokukumbutsani kumwa mankhwala, zingathandize?"

"Ungandikumbutse ndithu."

"Eya, ndi zimenezo."

"Ndikakumbuka ndimwe chiyani?"

"Mankhwala, bambo."

"Anatha dzana."

"Ndiye bwanji osabwera kudzatenga ena?"

"Ndabwera. Si ndine ndakhala apa?"

Anatukula khosi n'kusuzumira pazenera. "Mayi, ndinganene chimene simunafunse?"

"Kumapeto kuli nthawi ya ndemanga."

"Kumapetoko n'kutali?"

"Tangoyamba kumene. Uthengawo uzibwera m'mawa kapena madzulo?"

"Nsapato yadutsa pathanki ya madzi."

"M'mawa kapena madzulo, bambo?"

"Madzulo."

"Ukhale ndi chithunzi cha mtima kapena cha pilitsi?"

"Yakwera pakhonde." Anachotsa maso pazenera. "Cha mtima."

"Mwaona kukoma kwake? Umu ndi mmene timapangira zinthu limodzi ndi eni vuto. Palibe chowasankhira."

Mumtima ndinali nditafika kale kumsonkhano waukulu, nditavala jekete langa labwino lija, anthu akundiwombera m'manja.

"Yafika pawindo," anatero telala uja.

"Zayenda bwinotu. Ndiye mwathandizidwa."

"Nsapato siyankhula, mayi. Aidumpha."

"Musadandaule, tatsala pang'ono. Uthengawo uziyamba ndi moni kapena uzingolunjika pa nkhani?"

"Uziyamba ndi pepani."

Kunja kunamveka chitsulo cha pawindo chikutsika, khwerere, gwa! Mzere unamwazikana. Pakhonde panatsala nsapato yakuda imodzi, itayang'ana windo lotseka mwaulemu wonse.

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha. Munthu wanzeru akanathimitsa foni n'kuthamanga kukagogoda pawindopo. Koma ine ndinaphunzitsidwa kuti ukayamba mafunso umamaliza, ndipo pakamwa panga panapitiriza pokha.

"Funso lomaliza, bambo, ndipo ndi lalikulu pa onse. Mwa maganizo anu, n'chiyani kwenikweni chimakulepheretsani kulandira mankhwala?"

"Limeneli mwafunsa?"

"Ndafunsa."

Anaimirira, phewa limodzi litatsika chifukwa cha nsapato imodzi ija. Kenako anawerama, n'kusendeza pakamwa pafupi ndi foni kuti mawu ake amveke bwino.

"Miyezi ina imakhala minibasi, ina mvula. Mwezi uno ndi inuyo."