Girisi mu Uvuni wa Mayi a Kunyumba

Pamzere wolowera ku chionetsero cha mfuti m'tauni ya Moose Jaw, chisanu chikuluma makutu, Wendell anali atakumbatira chikwama chake chachitali. Mdala wina kumbuyo kwake anachiloza ndi chibwano.

"Mfuti ya ku China imeneyo, achimwene? Fungo lake likuchita kumveka."

"Eya, ya asilikali akale. Ndabwera kudzaigulitsa."

"Siwomba bwino?"

"Sindinaiwombeko n'komwe. Inabwera itamatidwa girisi paliponse, mukudziwa mmene amazisungira. Ndiye thabwa lake logwirira lija ndinaliika mu uvuni kuti girisiyo asungunuke."

"Uvuni wa ndani?"

"Wa mayi a kunyumba."

"Ayii! Anzanufe timakulunga m'pulasitiki yakuda n'kusiya padzuwa."

"Dzuwa lake liti mu Januwale muno? Mawa lake anaphika buledi, apongozi n'kulavula. Mpaka lero chilichonse chikununkha galaja. Mayi a kunyumbawo akuti mfuti ichoke, apo ayi achoka iwowo."

Mdala uja anakanda ndevu.

"Mfuti sinalakwe. Agulireni mayiwo uvuni watsopano."

"Nanga wakalewu ndiutaye?"

"Muutaye? Mundigulitse ineyo, bambo. Ndili nazo zinayi zikudikira m'girisi, ndipo akazi anga khitchini yawo amachita kukiya."