Ndege ya Asilikali Inamwaza Ufa wa a Nabanda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ndikuuzani za tsiku limene ndinatsala pang'ono kutaya mkazi wanga.

Linali Lachiwiri, pa 13 Febuluwale 2001, cha m'ma 6 koloko m'mawa, pamene matenda a uchembere anamuyamba. Nthawiyo ndinkaphunzitsa ku Kapondo. Pofika masana, namwino wa pachipatala chathu chaching'ono anandiitanira pambali. "Aphunzitsi, mwana wagona mopingasa. Apa pafunika opaleshoni ku boma." Koma mvula ya usiku inali itakokolola mlatho, ndipo ambulansi inabwerera panjira.

Ndinakagwada kuseri kwa chipatala. Ndinapemphera kuti, "Ambuye, njira yatsekeka, tsegulani ina." Namwino sanaleke kuitana pa wayilesi ya mauthenga.

Zaka zimenezo, anthu atapeza ufulu wolankhula, mkangano wa ndege za asilikali sunkatha pasukulu pathu. Ena ankati dziko laling'ono lopanda nkhondo lingozigulitsa n'kugula mankhwala. Ena ankati malire sangakhale opanda mlonda.

Dzuwa litapendeka tinamva kulira kwa helikopita. Inali ya asilikali, inkachokera koyendera malire, ndipo uthenga unaipeza ili m'mwamba. Malo oti n'kuterapo anali bwalo la mpira lokha, pamene a Nabanda, mayi wamasiye, anayanikapo ufa pamphasa. Unali ufa wawo wotsiriza, m'mwezi wa njala. Mpata wowola panalibe. Mphepo ya ndegeyo inaumwaza wonse, bwalo lonse n'kuyera mbee.

A Nabanda sanacheukire n'komwe mphasa zawo. Anathamangira kuchipatala, n'kugwira ngodya ya machira amene mkazi wanga anagonapo. "Nyamulani, aphunzitsi. Ufa sulira, akulira ndi mayiwa."

M'ndegemo munali malo a wodwala ndi namwino basi, ine ndinatsala. Chakumadzulo wayilesi ija inalankhula: mayi ali moyo, mwana wamkazi ali moyo.

Za ndege zingati zimene dziko lathu liyenera kukhala nazo, adziwa ndi akuluakulu. Ine ndikudziwa kuti imodzi inakwanira, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anaitumiza. Inu amene mlatho wanu wakokoloka lero, musaleke kuitana.

M'mawa mwake, ndisanayambe kufunafuna powolokera mtsinje, ndinasenza thumba la chimanga limene tinkasungira mwezi wa Malichi, n'kukalitula pakhomo pa a Nabanda.