Chifukwa Chake Sitikupita ku Manda a Makolo: Mbiri ya Bambo Cyrus Longwe

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1921 konkuno ku Nkhata Bay. Ine ndikuyankhula pano ndine Gordon, mng'ono wawo wa bere limodzi. Anaphunzira ku Bandawe mpaka Sitandade 4.

Mu 1947 anakwatira mayi Dinah, Nyamhone. Mu 1953 analowa ntchito ya ulonda wa nkhalango ya boma kumtunda kuno, ndipo kuyambira pamenepo, ndinene poyera, tinayamba kuwagawana ndi mbalame. Gawo lalikulu silinali lathu. Ankadziwa mtengo uliwonse umene mbalame za nkhulukulu zimaswera, koma ana anga ankawasokoneza mayina. Zinkandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Mu 1972 pempho lawo loteteza zisa za mbalame linamveka, malire a nkhalango anakuzidwa. Anasangalala kuposa tsiku la ukwati, alamu anga ali apawa andivomereze. Koma kachigwa ka misuku, kumene ife owamba nsomba timatema nkhuni, kanatsala kunja kwa malire. Anapuma ntchito mu 1978 akudandaulabe za kachigwako. Ine ndinkapitako ndi nkhwangwa, iwo osandiyankhula mwezi wathunthu. Mchimwene weniweni, chifukwa cha zisa!

Anayamba kudwala chifuwa mu Janyuwale chaka chino cha 1983, ndipo atisiya Lachiwiri ku chipatala cha pa boma. Pomaliza penipeni ndinasendera pafupi, ndikuti mwina pali mawu anga. Mawu analipo, koma anali oti tikawaike m'kachigwa muja, ndipo amfumu anali atavomera kale. Nzeru zake mwaziona: pamanda munthu sakwezapo nkhwangwa. Chimene mapempho analephera, achita ndi thupi lawo.

Choncho tikatuluka m'tchalitchi muno tikwera mtunda. Malo amene ndinawasungira pakati pa manda a amayi athu ndi malo amene ndidzagone ine akhala opanda munthu.

Asiya mkazi, ana asanu, Lawrence, Flora, Magret, Amon ndi Lily, zidzukulu khumi ndi ziwiri, ndi ine.

Tikuthokoza abusa, amayi a bungwe la Umanyano, atcheyamani a nthambi ya chipani, abale amene mwatsika sitima ya Ilala, ndi anyamata amene mwavutika ndi mizu pokumba.

Achimwene, mwapambana, kumeneko sindidzatemakonso. Usani mumtendere. Ndizibwera kudzakuonani, ngati eni ake a nthengawo andilola.