Mwana Wanga Ankaima Pakati pa Zitseko Ziwiri

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire.

Mukudziwa kuti ana akamatuluka muno kupita ku Sande sukulu, anyamata amalowa chitseko cha kumanzere, atsikana cha kumanja. Gulu la atsikanalo ndimayang'anira ndine. Ndipo munkaona, musachite ngati simunkaona, kuti panali mwana wina amene ankangoima pakati, pokoleka majekete paja. Mwana ameneyo ndi wanga.

Ine ndinkadziwa kuti ndinabereka mwana wamwamuna, basi. Atakwana zaka khumi ndi ziwiri anandiuza kuti, "Amayi, ine ndine mtsikana." Ndinamukalipira. Ndinasala kudya. Ndinaimbira achemwali anga ku Zomba, iwo akuti mtumize kuno adzawongoke. Lamulungu lililonse ndinkatseka chitseko cha atsikanacho, iye ali panja, ine m'kati ndikuphunzitsa ana a eni za chikondi. Za chikondi, abale anga. Kenako mwanayo anasiya kudya nafe, anasiya kuyankhula, anasiya kubwera kuno. Mtima wanga sunalinso m'malo, ndinkachita kuona kuti mwana ndikumutaya.

Tsiku lina kuntchito, kuchipatala ku Edmonton kuja, ndinalandira bambo wina wokalamba mu wodi. Monga timachitira manesi, ndinamufunsa kuti, "Mumakonda kuitanidwa dzina liti?" Ndikulemba dzinalo pa bolodi la pamwamba pa bedi, ndinakumbukira mwana wanga. Mlendo ndimamufunsa. Wanga wobereka ndekha sindinamufunsepo.

Nditafika kunyumba ndinagogoda kuchipinda kwake, yunifolomu ndisanavule. Ndinamufunsa funso lomwelo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tamanda." Mwana woti ukamuyankhula Chichewa amayankha Chingerezi, koma dzina anasankha la kwathu. Ndinalira, abale, ndinalira.

Sindinganame kuti zonse zatha. Ndinapita kwa abusa, tinakhala pansi ndi makolo a atsikana aja kawiri, ena anakwiya, ena mpaka lero moni wanga amayankhira kumbali. Ineyo mafunso ndikadali nawo, ndipo achemwali aja sindinawaimbirenso, ndikuopa. Koma sabata yatha chitseko chija ndinachisiya chotsegula. Tamanda analowa. Atsikana anasendera okha n'kumupatsa mpando, ine ndisananene kanthu.

Zikomo Yesu, mwandibwezera mwana wanga. Zikomo abusa pondimvetsera. Amene mungathe, kondwerani nane, ombani m'manja. Ndipo ana akamatuluka lero, muyang'ane pa majekete paja, simupezapo mwana ataima.